Kalembedwe ka chimangirizo cha ukwati ndi udindo wa mwamuna ndi mkazi m'sewero la A Doll's House

Chaka sichitha popanda wophunzira wondifikira ndi funso lomweli. Wauzidwa kuti alembe chimangirizo chofotokoza momwe sewero la A Doll's House likuonetsera ukwati ndi udindo wa mwamuna ndi wa mkazi, ndipo wasowa pogwira. Ambiri amabwera atalemba kale masamba awiri, ndipo masambawo amanena chimodzi mwa ziwiri izi: kuti Torvald ndi mwamuna wankhanza choncho Nora anachita bwino kumusiya, kapena kuti Nora ndi mayi wouma mtima amene anataya ana ake. Olemba onse awiriwa amakhala atagamula mlandu asanamve mboni. Seweroli ndimalikonda kwambiri ndipo zimandipweteka kuliona likuchepetsedwa chotere, n'chifukwa chake ndalemba malangizowa kuti aliyense wondifunsa ndizingomulozera pano. Tsatirani ndondomekoyi monga momwe ndayisanjira.

1. Dziwani kaye malo ndi nthawi ya seweroli.

Analilemba ndi Henrik Ibsen wa ku Norway, amene anabadwira m'tauni ya Skien mu 1828 ndipo anamwalira mu 1906. M'chilankhulo chake seweroli limatchedwa Et dukkehjem, kutanthauza khomo la chidole. Buku lake linatuluka mu Disembala 1879, ndipo linaonetsedwa koyamba pa 21 Disembala chaka chomwecho mumzinda wa Copenhagen ku Denmark. Masiku amenewa ndi osavuta kuloweza, koma chimene chidzakuthandizeni kwenikweni ndi lamulo la nthawiyo. Mkazi wokwatiwa ku Norway anali pansi pa mwamuna wake pa nkhani za chuma, ndipo lamulo lomuzindikira ngati munthu wotha kudziyimira payekha linadza mu 1888, seweroli litatuluka kale. Ufulu wovota wa akazi onse unadza mu 1913. M'gawo loyamba, Kristine Linde, mnzake wakale wa Nora, akunena poyera kuti mkazi sangabwereke ndalama popanda chilolezo cha mwamuna wake, ndipo nkhani yonse yatsamira pa mfundo imeneyi.

Mudzakumananso ndi mawu achingerezi akuti realism. Amanena za masewero oonetsa moyo monga momwe anthu wamba amaukhalira: mulibe mafumu, milungu kapena ndakatulo, koma muli chipinda chochezera, malipiro a kuntchito, ngongole ndi makalata, ndipo anthu amalankhula monga amalankhulira kunyumba. Magawo onse atatu a seweroli akuchitikira m'chipinda chimodzi cha banja la Helmer, lomwe ndi la Torvald ndi Nora, m'masiku atatu a nyengo ya Khirisimasi. Polemba, munthu wa m'sewero muzimutcha mtengambali, ndipo pamene mkangano wafika pachimake muzipatcha pampondachimera.

2. Werengani seweroli kawiri, ndipo ulendo wachiwiri muyang'ane zimene sizikulankhulidwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo woyamba werengani kuti mumve nkhani. Ulendo wachiwiri tengani pensulo ndipo mudule mzere kunsi kwa mawu onse ofotokoza zimene zikuchitika pasiteji, amene ophunzira ambiri amawalumpha poganiza kuti ndi a ochita sewero okha. M'sewero la mtundu uwu katundu wa m'nyumba amalankhula. Nora akudya timabisiketi totsekemera mobisa, akupukuta pakamwa, kenako akukana pamaso pa mwamuna wake kuti sanadye, chifukwa Torvald anamuletsa. Mtengo wa Khirisimasi umene ukukongoletsedwa m'gawo loyamba ukupezeka m'gawo lachiwiri uli wosasuka, makandulo ake atapsa. Kiyi wa bokosi la makalata amasunga ndi Torvald yekha, moti kalata imene ingapasule banja ikuoneka kudzera pagalasi koma Nora sangayitenge m'nyumba yake yomwe. Pamapeto, Nora akuvula zovala za kuphwando zimene anavinira gule wa tarantella, n'kuvala zovala zake za masiku onse asanakhale pansi kuti alankhule ndi mwamuna wake. Chilichonse mwa izi ndi umboni, ndipo chimangirizo chopanda umboni wotere chimangokhala maganizo a wolemba.

Lembaninso pambali mayina onse amene Torvald akuitanira mkazi wake, monga kambalame koimba, gologolo ndi kosakaza ndalama. Kulakwitsa kofala pano n'kunena kuti mayinawa ndi chipongwe basi. Torvald amawatchula mwachikondi, ndipo Nora nayenso amawagwiritsa ntchito pofuna kupeza chimene akufuna, mpaka kulonjeza kuti gologoloyo adzachita timasewera ngati Torvald amvera pempho lake. Onetsani kuti onse awiri akusewera masewera amodzi, koma mmodzi yekha ndiye ali ndi chikwama cha ndalama.

3. Tsatani ndalama kuyambira tsamba loyamba.

Tengani pepala lapadera ndipo mulembepo malo aliwonse pamene patchulidwa ndalama. Mudzaona kuti seweroli likutseguka ndi Nora akupatsa wonyamula katundu krone (ndalama ya ku Norway) yathunthu pamene mtengo wake ndi theka la krone. Posakhalitsa Torvald akumupatsa makrone 40 m'manja, atangomaliza kumulangiza kuti khomo lomangidwa pa ngongole silikhala ndi ufulu kapena kukongola. Wowerenga amayamba kukhulupirira kuti Nora ndi wosakazadi, kufikira pamene akuululira Kristine chinsinsi chake. M'chaka choyamba cha ukwati Torvald anadwala kwambiri, ndipo madokotala anauza Nora kuti mwamuna wake sachira pokhapokha atapita kudziko lofunda. Nora anabwereka makrone 4,800 kwa Nils Krogstad, amene tsopano akugwira ntchito kubanki imene Torvald akukhala mkulu wake, ndipo banjalo linakakhala ku Italy chaka chathunthu. Mabuku ena achingerezi amalemba ndalamayi ngati mapaundi 250, choncho musadabwe mukaona kusiyana. Torvald amaganiza kuti ndalamazo zinachokera kwa bambo ake a Nora. Kwa zaka zambiri Nora wakhala akubweza ngongoleyo mobisa, podzimana zovala ndiponso pogwira ntchito yokopera zikalata usiku atadzitsekera m'chipinda, ndipo akuuza Kristine kuti kupeza ndalama mwa njira imeneyo kunkamumvetsa ngati ndi mwamuna.

Apa ndi pamene chimangirizo chanu chingapeze msana. Amene akutchedwa wosakaza ndiye wodzimana kuposa onse, ndipo amene akudziona ngati mtetezi wa banja ali moyo chifukwa cha mkazi amene iye amamuyesa mwana. Nora sangaulule zimenezi chifukwa akudziwa kuti Torvald angachite manyazi kumva kuti ali ndi mangawa kwa mkazi wake, ndipo akunena yekha kuti kuulula kungasokoneze ubale wawo wonse.

Chenjerani ndi mawu akuti katapila. Kwathu kuno katapila ndi ngongole ya chiwongoladzanja chopweteka, ndipo ophunzira ambiri amalemba kuti Krogstad akumufinya Nora ndi chiwongoladzanja. Mphamvu ya Krogstad siili pamenepo ayi, ili pa tsiku lolembedwa pachikalata. Bambo ake a Nora anayenera kusaina ngati chikole, koma anali akudwala mwakayakaya, ndipo Nora, posafuna kuwadetsa nkhawa, anasaina yekha dzina lawo. Iwo anamwalira pa 29 Seputembala, pamene chikalatacho chikusonyeza kuti anasaina pa 2 Okutobala. Nora akunena kuti anachita zimenezi chifukwa cha chikondi, ndipo Krogstad akumuyankha kuti lamulo silifunsa chifukwa.

4. Musamusandutse Torvald chilombo.

Torvald samenya mkazi wake, si chidakwa, ndipo alibe chibwenzi. Ndi loya wokhulupirika amene wangokwezedwa kukhala mkulu wa banki, ndipo anthu a nthawi yake akanamutcha mwamuna wabwino. Mukamulemba ngati chilombo mwaphonya mfundo ya Ibsen, chifukwa chimene chikuweruzidwa ndi ukwati umene aliyense akanautcha wabwino. Onetsani kuti Torvald nayenso wamangidwa ndi udindo umene anaupeza ulipo kale. M'gawo lachiwiri akuvomera kuti chimene chikumuwawa kwambiri pa Krogstad n'chakuti anadziwana ali anyamata, ndipo Krogstad amamuitana mwachizolowezi pamaso pa anthu a kubanki. Akuopanso kuti antchito angamuseke akamva kuti mkulu wa banki wasintha maganizo chifukwa cha mkazi wake. Nora atanena kuti zifukwa zimenezi ndi zazing'ono, Torvald akutumiza kalata yochotsa ntchito Krogstad nthawi yomweyo.

Kenako ikani pamodzi mawu ake awiri a m'gawo lachitatu. Asanatsegule kalata ya Krogstad youlula chinsinsi cha Nora, akuuza Nora kuti amalakalaka tsoka lina litamugwera kuti iye aike moyo wake pachiswe pomupulumutsa. Atawerenga kalatayo, akumutcha wachinyengo ndi wabodza, akunena kuti chofunika tsopano n'kubisa nkhaniyo kwa anthu, ndipo pamene kalata yachiwiri yabweza chikalata cha ngongole, mawu oyamba otuluka pakamwa pake ndi akuti iye wapulumuka. Nora akuchita kufunsa za iye mwini. Pampondachimera pa seweroli ndi pamenepa, osati pa kutsekeka kwa chitseko.

5. Yerekezani banja la Helmer ndi miyoyo ya atengambali ena.

Chimangirizo chimene chikukamba za Nora ndi Torvald okha chimakhala choperewera. Kristine anakwatiwa ndi mwamuna amene sankamukonda chifukwa mayi ake anali odwala ndipo azichimwene ake awiri aang'ono anafunika thandizo, choncho anasiya Krogstad amene ankamukonda koma analibe chuma. Mwamunayo atamwalira, Kristine sanatsale ndi kanthu, ndipo anadzidyetsa ndi manja ake. M'gawo lachitatu iye ndiye akuyamba kufunsira Krogstad kuti akhale pamodzi, onse awiri akudziwana zolakwa zawo, ndipo Kristine ndiye adzakhale pantchito ya kubanki. Nora akutuluka m'banja pamene Kristine akulowa, zimene zikusonyeza kuti seweroli silikunena kuti ukwati pawokha ndi woipa. Kumbukiraninso kuti ndi Kristine amene akuletsa Krogstad kuti asakatenge kalata yake, poona kuti banja la Helmer silingapitirire pa chinsinsi. Dokotala Rank, bwenzi la banja la Helmer, musamutayire nthawi yambiri. N'zokwanira kunena kuti Nora amamasuka kulankhula naye zinthu zimene salankhula ndi mwamuna wake.

6. Khalani nthawi yaitali pa funso la ana.

Iyi ndi ndime imene malangizo ambiri amailambalala, ndipo ndi imene imavutitsa kwambiri owerenga a kwathu. Wophunzira wina anandifunsa mochokera pansi pamtima kuti, nanga bwanji sanaitane ankhoswe, ndipo ngati zinakanikadi, bwanji sanatenge ana ake? Funsoli ndi labwino ndipo liyenera kuyankhidwa mosamala. Kwa Achewa ukwati uli ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, amene amaitanidwa banja likagwedezeka. Pa mwambo wa chikamwini mwamuna ndiye amakakhala kwawo kwa mkazi, ana amawerengedwa kuti ndi a mbumba ya kuchikazi, ndipo banja likatha amanyamuka ndi mwamunayo. Nora alibe chilichonse mwa izi. Bambo ake anamwalira, analeredwa ndi wantchito chifukwa analibe mayi, nyumba ndi ya Torvald, ndipo iye alibe ntchito kapena ndalama. Mukamuweruza ngati mkazi amene ali ndi mwinimbumba ndi munda kwawo, mwaweruza munthu wina, osati Nora wa m'bukuli. Kuyerekeza miyambo ndi kololedwa ndipo kungakometse chimangirizo, koma kukhale kounikira kusiyana, osati kobweretsa malamulo a kwathu m'khoti la ku Norway.

Tsopano bwererani m'buku ndipo mutsate malo anayi. Kumapeto kwa gawo loyamba Torvald, pokamba za Krogstad, akunena kuti bodza limaipitsa mpweya wa m'nyumba ndipo pafupifupi onse amene anaonongeka akadali achichepere anali ndi amayi abodza. Iye sakudziwa kuti akulasa mkazi wake, koma Nora akuchita mantha ndipo akukana kuti ana alowe kwa iye. Kumayambiriro kwa gawo lachiwiri Nora akufunsa Anne-Marie, mlezi wa ana, kuti anatha bwanji kupereka mwana wake kwa alendo. Anne-Marie akuyankha kuti sakanachitira mwina: anali mtsikana wosauka amene mwamuna anamuthawa, ndipo anapeza ntchito yabwino yolera Nora. M'nyumba yomweyo muli kale mayi amene anasiya mwana wake, ndipo palibe amene akumudzudzula, chifukwa kusiya kwakeko kunapindulira banja la anthu opeza bwino. Chachitatu, m'gawo lomaliza Torvald ali ndi mkwiyo akugamula kuti Nora apitiriza kukhala m'nyumbamo kuti anthu asadziwe, koma saloledwa kulera ana. Chachinayi, pamene Torvald wakhululuka ndipo akufuna kuti zonse zibwerere mwakale, Nora akumukumbutsa mawu omwewo n'kunena kuti anali oona: iye sangalere Ivar, Bob ndi Emmy asanadzilere yekha, popeza wakhala akusewera nawo ngati zidole monga momwe bambo ake ndi mwamuna wake ankasewerera naye. Ngakhale potuluka akukana kukawaona, ndipo akunena kuti akuwasiya m'manja abwino kuposa ake.

Mukasanja malo anayiwa mudzaona kuti maganizo akuti Nora sayenera kukhala pafupi ndi ana sanayambe ndi iye. Izi sizikuchotsa ululu wa chimene wachita, ndipo ine sindikhulupirira wophunzira amene amalemba za kutuluka kwa Nora mosangalala ngati kuti ndi chikondwerero. Ana atatu adzadzuka m'mawa opanda mayi, ndipo Nora akupita kumdima m'nyengo yozizira osadziwa chimene chidzamuchitikire. Chimangirizo chabwino chimasunga zinthu zonse ziwiri: kuti mtengo wake ndi waukulu, komanso kuti seweroli lamutsekera njira zina zonse mmodzimmodzi.

Werenganinso mofatsa kukambirana kwa patebulo. Nora akunena kuti pa zaka 8 za ukwati wawo aka n'koyamba kukhala pansi n'kukambirana nkhani yaikulu. Torvald akumukumbutsa udindo wake wopatulika kwa mwamuna ndi ana, akutchula chipembedzo, chikumbumtima ndi lamulo, ndipo Nora akuyankha chimodzichimodzi. Akuti choyamba iye ndi munthu, chimodzimodzi ndi Torvald. Za chipembedzo akuti akungodziwa zimene anauzidwa ndi abusa, ndipo akufuna kuziyesa yekha. Za lamulo akuti sangavomereze kuti ndi lolungama ngati likuletsa mkazi kupeputsa mtima wa bambo ake amene akumwalira kapena kupulumutsa moyo wa mwamuna wake. Fotokozaninso chozizwitsa chimene Nora ankachiyembekezera, chifukwa ambiri samachimvetsa. Iye ankakhulupirira kuti chinsinsi chikaululika Torvald adzaimirira n'kunena kuti wolakwa ndi iye, ndipo Nora anali wokonzeka kudzipha kuti mwamuna wake asasenze mlanduwo. Torvald akuyankha kuti palibe mwamuna amene angapereke ulemu wake chifukwa cha amene amamukonda, ndipo Nora akuti akazi zikwi mazana ambiri achita zimenezo. Ngati mukufuna mfundo imodzi yonyamula funso lonse la udindo wa mwamuna ndi wa mkazi, ili m'mayankho awiriwa.

7. Gwiritsani ntchito mbiri ya mlembi mosamala.

Pali mfundo zitatu zimene zingakuthandizeni. Nkhaniyi inachokera pa zimene zinachitikira Laura Kieler, mlembi amene ankadziwana ndi Ibsen: anabwereka ndalama mobisa kuti mwamuna wake wodwala chifuwa chachikulu apite kudziko lofunda, anachita chinyengo pachikalata pofuna kubweza, ndipo zitaululika anatsekeredwa m'chipatala cha amisala kwa kanthawi. Mu Okutobala 1878 ali ku Rome, Ibsen analemba m'zolemba zake zokonzekera kuti mkazi amaweruzidwa ndi malamulo olembedwa ndi amuna, pamaso pa oweruza amene amaona zochita za mkazi ndi maso achimuna. Mu 1898, polankhula ku bungwe lomenyera ufulu wa akazi ku Norway, ananena kuti sangalandire ulemu wakuti anagwira dala ntchito yomenyera akazi, popeza kwa iye nkhaniyo inali ya umunthu. Ena amagwiritsa ntchito mawu a 1898 pofuna kutsimikiza kuti seweroli silikhudza akazi. Musatero. Munthu yemweyo mu 1884 anasaina nawo pempho lopita ku nyumba ya malamulo lothandizira kuti akazi okwatiwa azikhala ndi chuma chawochawo, ndipo m'seweroli amene akuchita kumenyera kuti atchedwe munthu ndi mkazi, pamene mwamuna sakufunika kutero. Mbiri ya mlembi isapitirire ndime imodzi.

8. Lembani, kenako tsimikizani za buku limene mwagwiritsa ntchito.

M'ndime yoyamba nenani mfundo imodzi imene munthu wina angaitsutse. Kunena kuti seweroli likukamba za ukwati si mfundo. Kunena kuti ukwati wa a Helmer ukuima chifukwa mkazi akubisa mphamvu zake kuti mwamuna aoneke wamphamvu, ndipo ukugwa tsiku limene zenizeni zaoneka, imeneyo ndi mfundo. Ndime iliyonse yotsatira ikhale ndi umboni wochokera m'gawo lotchulidwa, ndipo musafotokozenso nkhani yonse, chifukwa wochonga anaiwerenga kale. Patulani ndime yathunthu yoyankha munthu wosagwirizana nanu, makamaka pa nkhani ya ana.

Musanapereke, onani mathero a buku kapena chionetsero chimene mwadalira. Mu 1880, pokonzekera kuonetsa seweroli ku Germany, wochita sewero wotchuka Hedwig Niemann-Raabe anakana kusewera mayi wosiya ana ake. Poopa kuti ena angalisinthe mmene afunira, popeza kumeneko lamulo silinkateteza zolemba zake, Ibsen analemba yekha mathero ena, m'mene Torvald akukokera Nora pakhomo la chipinda cha ana ndipo iye akugwa pansi osachoka. Mlembiyo ananena poyera kuti mathero amenewo ndi nkhanza yochitira seweroli. Mungawatchule ngati umboni wa momwe anthu a nthawiyo anavutikira ndi funso la ana, koma chimangirizo chanu chitsamire pa mathero oyambirira, m'mene Nora akubweza mphete ndi makiyi, Torvald akutsala yekha m'chipinda, ndipo kuchokera pansi kukumveka chitseko cha panja chikutsekeka.